Kodi makoko a nthochi angalowe bwanji m'mawaya a magetsi?

Ana inu, lero tiyambire kudzala. Kuseli kwa nyumba iliyonse kuli malo amene timatayako makoko a nthochi, masamba ofota, tomato wovunda ndi mkute umene wasasa. Mukapitako m'mawa wa mwezi wa June kukuzizira, n'kufukula muluwo ndi kamtengo, mupeza kuti m'kati mwake ndi mofunda, mwinanso muona kanthunzi kakukwera. Palibe amene wasonkhapo moto. Kufundako kukutiuza kuti chakudya chimene tataya chidakali ndi mphamvu. Mphamvuyo inachokera kudzuwa, nthochi inaikoka ndi masamba ake n'kuisunga m'chipatso, m'makoko momwe.

Kuli anthu amene anaphunzira kutenga mphamvu imeneyi n'kuisandutsa magetsi enieni, oyenda m'mawaya a pamapolo mpaka kukatembenuza makina m'fakitale. Ambiri a inu muli ndi achibale ku South Africa, kumene timangoti ku Joni. Kum'mawa kwa mzinda wa Pretoria kuli tawuni ya dzina lopinda lilime, Bronkhorstspruit. Pafupi ndi tawuniyo pali khola lalikulu lonenepetsera ng'ombe zikwizikwi, ndipo pambali pa kholalo kampani ya Bio2Watt inamanga malo opangira magetsi kuchokera ku zowola. Magetsi ake anayamba kulowa m'mawaya a dziko mu 2015. Kumeneko kumathiridwa ndowe za m'kholamo, zotsala za kophera nyama ndi zakudya zowonongeka zochokera m'mafakitale, zonse pamodzi matani pafupifupi 120,000 pa chaka. Kuti mumvetse kuchuluka kwake, yerekezani malole 4,000, iliyonse itasenza matani 30.

Thanki yokhala ngati mimba ya ng'ombe

Zinyalala zikafika, ntchito yoyamba ndi kuchotsamo majumbo, zitini, miyala ndi magalasi. Zotsalazo amazigaya n'kuzisakaniza ndi madzi mpaka zikhale ngati phala lamadzimadzi, kenaka amazipopera m'mathanki akuluakulu otsekedwa bwino lomwe, moti mpweya umene timapumawu sulowamo.

Ogwira ntchito enieni ali m'kati mwa thankimo, ndipo simungawaone ndi maso. Ndi tizamoyo ting'onoting'ono timene timagwira ntchito molandizana. Gulu loyamba limaphwanya chakudya kukhala tizidutswa tosungunuka m'madzi. Gulu lina limasandutsa tizidutswato kukhala asidi, wonga uja amawawasitsa thobwa logonera. Gulu lomaliza limadya zimene anzawo asiya n'kutulutsa gasi woyaka wotchedwa methane. Tizamoyo tomalizati timakhalanso m'matope a m'dambo ndi m'chifu cha ng'ombe, n'chifukwa chake ng'ombe ikamabzikula imageya methane. N'chifukwa chakenso ndowe zimathandiza kwambiri poyambitsa thanki yatsopano: zimabwera ndi antchito ake kale.

Tizamoyoti ndi tosachedwa kunyanyala. M'mathanki ambiri timafuna kufunda kwa madigiri pafupifupi 37, konga kwa thupi lanu, usana ndi usiku. Kukazizira mwadzidzidzi timafooka. Mukatithirira zakudya zotsekemera zambiri nthawi imodzi, asidi amachuluka, phala lonse limasasa, gasi n'kusiya kutuluka. Choncho woyang'anira thanki amaidyetsa pang'onopang'ono, monga mmene mayi amadyetsera mwana wakhanda, ndipo phalalo limakhala m'menemo pafupifupi mwezi wathunthu.

Gasi amene amasonkhana pamwamba pa phalalo ndiye amatchedwa bayogasi. Kuposa theka la iye ndi methane, ndipo wotsalayo makamaka ndi carbon dioxide, mpweya womwe uja timatulutsa popuma. Amene anayamba kufufuza gasi woyakayu mosamala ndi Alessandro Volta wa ku Italy. Mu 1776 iye anavundula matope m'mphepete mwa nyanja ya Maggiore, anakola thovu limene linkatumphuka, ndipo anaona kuti likuyaka. Tengani chaja ya foni muyang'ane timalemba take, mupezapo chilembo cha V. Chimaimira mavolti, muyeso wa magetsi umene unatengedwa ku dzina la Volta yemweyo. Zimandikondweretsa kuti munthu mmodzi akupezeka koyambirira ndi kothera kwa ulendo wa makoko athuwa.

Bayogasi asanagwiritsidwe ntchito amayamba wayeretsedwa. Amakhala ndi chinyezi komanso kampweya kena konunkha ngati dzira lovunda, kotchedwa hydrogen sulphide, kamene kamadya zitsulo za injini. Methane payekha alibe fungo.

Akayera, gasiyo amapita ku injini yaikulu yofanana ndi ya lole, kungoti iyi imamwa gasi m'malo mwa dizilo. Injiniyo imazunguza jenereta. Ngati munaonapo dainamo ya njinga, kabotolo kachitsulo kotsamira tayala kaja, ndiye kuti jenereta mukuidziwa kale. M'kati mwake muli maginito wozungulira pafupi ndi waya wokulungidwa kambirimbiri, ndipo maginitoyo akamazungulira, m'wayamo mumabadwa magetsi. Michael Faraday ndiye anatulukira zimenezi ku London mu 1831. Pa magawo khumi a mphamvu ya gasi, pafupifupi anayi ndiwo amasanduka magetsi. Ambiri mwa otsalawo amasanduka kutentha, koma sikutayidwa konse: madzi oziziritsa injini amadutsa m'mapaipi n'kukafunditsa mathanki aja. Bayogasi wodzadza migolo isanu ya malita 200 amapereka mayunitsi pafupifupi awiri, okwanira kuyatsa babu la mawati 10 kwa maola 200.

Kulowa pamtondo anzako akusinja kale

Tsopano tafika povuta penipeni, ndipo ndikupempha kuti muwerenge modekha. Kupanga gasi si kwachilendo, tizamoyo takhala tikuchita zimenezi m'madambo anthu asanayambe kumanga nyumba. Kuzunguza jenereta nakonso n'kosavuta. Chimene amatuluka nacho thukuta akatswiri ndi kulumikiza jeneretayo ku gridi.

Gridi ndi ukonde wa mawaya onse a magetsi m'dziko, wolumikiza malo opangira magetsi ndi nyumba, zipatala, zigayo ndi mafakitale. Kuno kwathu magetsi ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. EGENCO ndiyo imawapanga, ESCOM n'kuwanyamula m'mawaya ake. Ku South Africa mawaya akuluakulu ndi a Eskom. Mawayawa alibe nkhokwe. Magetsi amene akuyatsa babu m'kalasi mwanu apangidwa nthawi yomweyo, osati dzulo.

China chimene muyenera kudziwa n'chakuti magetsi a m'gridi sayenda ngati madzi a mumtsinje, olowera mbali imodzi. Amakankha kupita kutsogolo, n'kubwerera, n'kukankhanso, maulendo 50 pa sekondi imodzi. Ndi mmene zilili ku Malawi, ku Zambia ndi ku South Africa. Ku America amachita maulendo 60. Majenereta onse a pa gridi imodzi, ngakhale atalikirane makilomita mazanamazana, amakankha pamodzi n'kubwerera pamodzi.

Munaonapo amayi awiri akusinja pamtondo umodzi. Musi wina ukamakwera, wina ukutsika, gu, gu, gu, gu. Ndiye pabwere mayi wachitatu ndi musi wake. Iye safika n'kungoponya. Amaima kaye, musi uli m'mwamba, akugwedeza mutu motsatira anzakewo mpaka mayendedwe awo amulowe m'thupi, kenaka amaponya pampata wake weniweni. Akaphonya, misi imawombana, chimanga chimamwazika, ndipo wina akhoza kuthyoka chala.

Jenereta ya bayogasi ili ngati mayi wachitatuyo. Imayamba kuzungulira payokha, swichi yaikulu yoilumikiza ku gridi isanatsekedwe, ndipo imadikira mpaka zinthu zitatu zifanane. Mavolti ake afanane ndi a gridi. Liwiro lake likhale la maulendo 50 pa sekondi, ndipo kuti zitero injini zambiri za mtundu uwu zimazungulira maulendo 1,500 pa mphindi, kutanthauza 25 pa sekondi, ulendo uliwonse n'kupereka kukankha kuwiri. Chachitatu ndicho chovuta kwambiri: pamene gridi ikuyamba kukankha, jeneretanso ikhale ikuyamba kukankha, osatsogola, osatsalira. Atsikana osewera jingo akudziwa bwino zimenezi. Utha kudumpha mofulumira ngati chingwe, koma ukalowa pa nthawi yolakwika chingwecho chikukola miyendo basi.

Kale akatswiri ankagwiritsa ntchito mababu. Ankawalumikiza pakati pa jenereta ndi gridi. Mbali ziwirizo zikasiyana, mababuwo ankawala n'kuzilala, kuwala n'kuzilala. Munthu ankasintha liwiro la injini pang'onopang'ono mpaka kuphethirako kuchedwe, ndipo mababu akazima kotheratu, kusonyeza kuti palibenso kusiyana, ankatseka swichi msangamsanga. Masiku ano kachipangizo ka kompyuta ndiko kamayeza ndi kutseka. Kulakwitsa pamenepa n'koopsa. Gridi ndi yamphamvu kuposa jenereta imodzi kutalitali, ndiye imaikoka mwankhanza kuti ilowe mumzere, moti chitsulo cholumikiza injini ndi jenereta chikhoza kuthyoka, mawaya a m'kati n'kupsa. Koma ikalowa bwino, gridi yomweyo imaigwira kuti isaphonyenso. Mukaiwonjezera gasi sithamanga kuposa anzake, imangokankha mwamphamvu, magetsi ambiri n'kulowa m'mawaya.

Mukamapita kusukulu, kwezani maso muwerenge mawaya a pamapolo aatali. Kawirikawiri onyamula magetsi amakhala atatu. Aliyense amanyamula kukankha kwakekwake, ndipo amalandizana ngati amayi atatu aja, kuti pasakhale kamphindi kamene mumtondo mulibe musi.

Magetsi asanalowe m'mawayawo amadutsa mu thiransifoma. Majenereta ambiri a bayogasi amatulutsa mavolti 400, pamene mawaya oyenda m'midzi ndi m'matawuni amanyamula mavolti 11,000 kapena 33,000. Thiransifoma imakweza mavoltiwo, chifukwa magetsi a mavolti ochepa akayenda mtunda wautali amathera m'njira, kumangotenthetsa waya. Pafupi ndi nyumba zathu pamakhala thiransifoma ina yowatsitsa kufika pa 230.

Magetsi akazima, nayo izime

Nali funso limene mwana wochenjera angafunse: magetsi akazima m'dera lonse, bwanji jenereta ya bayogasi osangopitiriza kuunikira anthu oyandikana nayo? Lamulo limati ayi. Gridi ikazima, jeneretayo iyenera kudzidula yokha m'kuphethira kwa diso.

Ganizirani za bambo wokonza mawaya. Mtengo wagwera waya, anzake azimitsa magetsi kumene amachokera, iye wakwera polo ali ndi chikhulupiriro chakuti wayayo ndi wozizira. Ngati kwinakwake kuli jenereta imene ikukankhabe magetsi m'waya womwewo, bamboyo akhoza kufera pamenepo. Kwa ine, kachipangizo kamene kamazindikira kuti gridi yazima n'kutsegula swichi ndiko kofunika koposa pa malo onsewo, kuposa mathanki ndi injini zomwe, chifukwa kamateteza munthu amene ana ake akumudikira kunyumba. Palinso chifukwa china. Gridi ikabwerera n'kupeza jenereta ikuyenda payokha, misi ija iwombana. Malo ena amaloledwa kupitiriza kudzipatsa magetsi okha, koma pokhapokha atadzilekanitsa kotheratu ndi mawaya a kunja.

Tizamoyo tija sitidziwa kuti magetsi azima. Timangopitiriza kudya ndi kutulutsa gasi. N'chifukwa chake mathanki ambiri ali ndi denga lofufuma ngati chibaluni, losungiramo gasi kwa maola angapo. Dengalo likadzadza, gasi wotsalayo amakamuyatsa pamwamba pa chumuni chachitsulo. Kungomutayira mumlengalenga sikuloledwa, popeza methane amasunga kutentha kwa dziko kuposa carbon dioxide maulendo pafupifupi 28 pa zaka 100. Zakudya zikamawolera pansi pa milu ikuluikulu ya zinyalala, methane yemweyu amathawira kumwamba popanda womugwira.

Nanga magetsi a ku Bronkhorstspruit anapita kuti? Mu 2015 anayamba kugulidwa ndi fakitale ya magalimoto a BMW ku Rosslyn, tsidya lina la Pretoria, mtunda woposa makilomita 50. Makampani awiriwa anasainirana pangano la zaka khumi mu 2014, ndipo magetsiwo anayamba kukwaniritsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a zimene fakitaleyo imafuna. Chodabwitsa n'chakuti palibe waya wapadera wochoka kukhola la ng'ombe kupita kufakitale. Zimayenda ngati ndalama za pafoni. Bambo anu akapereka ndalama kwa ejenti ku Zomba kuti agogo akalandire ku Mzimba, agogowo salandira mapepala omwewo amene bambo anagwira. Chofunika n'chakuti zolembedwa mbali zonse zigwirizane. Chimodzimodzi magetsi. Mita ina inkawerenga mayunitsi amene alowa m'gridi ku Bronkhorstspruit, ina inkawerenga amene fakitale yatenga ku Rosslyn, ndipo eni mawaya, Eskom ndi khonsolo ya mzinda wa Tshwane mmene muli Pretoria, ankalandira malipiro a njira yawo.

Zonsezi zisanachitike pamafunika zilolezo. Mawaya ambiri anamangidwa kuti azinyamula magetsi kuchokera kumalo akuluakulu kupita kwa anthu, osati kubwerera. Choncho akatswiri a kampani ya magetsi amayamba awerengera ngati waya wa m'deralo ungapirire katundu watsopano, ndiponso ngati mavolti a m'nyumba zoyandikana sangakwere mpaka kuotcha mawailesi. Kukambirana kotereku kumatha kutenga nthawi yaitali kuposa kumanga mathanki.

Si ku South Africa kokha. Ku Kenya, pafupi ndi nyanja ya Naivasha, famu ya Gorge Farm imathira zotsala za mbewu zake m'mathanki otere, ndipo mu 2016 inayamba kugulitsa magetsi ku kampani ya Kenya Power.

Ndisakunamizeni kuti zinyalala zingaunikire dziko lonse. Malo a ku Bronkhorstspruit amapanga mamegawati oposa 4 pang'ono, pamene Kapichira yekha amapanga pafupifupi 130. Koma bayogasi ali ndi ubwino wakewake. Magetsi a dzuwa, monga a ku Salima, amagona dzuwa likalowa. Magetsi a madzi amachepa mtsinje ukatsika. Tizamoyo ta m'thanki sitiona dzuwa kapena mvula, bola tidyetsedwe. Ndipo phala likatuluka m'thanki limakhala manyowa abwino, osanunkha kwambiri, obwerera kumunda kukameretsa nthochi zina. Ndikadutsa pa msika wa ndiwo zamasamba monga wa Lizulu n'kuona masamba a kabichi osadzulidwa ataunjikidwa pambali, mtima umandiuza kuti tsiku lina mmodzi wa inu adzamanga thanki pafupi ndi malo otere. Mdani wamkulu amene adzakumane naye ndi jumbo. Pulasitiki sawola, amatseka mapaipi, ndipo tizidutswa take timakathera m'munda pamodzi ndi manyowa. Mukazolowera lero kutaya makoko pawokha, majumbo pawokha, mwayamba kale ntchito yoyamba ya pamalo opangira bayogasi.

Ofuna kuona tizamoyoti tikugwira ntchito, pemphani munthu wamkulu akuthandizeni. Tengani botolo lapulasitiki, osati lagalasi, muthiremo makoko a nthochi osinja, ndowe za ng'ombe pang'ono ndi madzi mpaka pafupi kudzadza. Pakamwa pake mumangepo baluni m'malo mwa chitsekerero, muliike panja pamalo ofunda, kenaka musambe m'manja ndi sopo. Pakapita masiku angapo baluniyo iyamba kufufuma. Musaiyandikize kumoto ndipo musanunkhize mpweya wake.

Mawa mukamadutsa pafupi ndi thiransifoma, imani patali, musakhudze mpanda wake kapena waya uliwonse wolendewera, ndipo tcherani khutu. Mumva kulira kwapansipansi kosalekeza, ngati kwa njuchi zili m'mphako. Ndi chitsulo cha m'kati mwake chikunjenjemera maulendo 100 pa sekondi, kawiri pa kukankha kulikonse kwa gridi. Kumeneko ndiko kugunda kwa mtondo kumene jenereta iliyonse, ya madzi a Shire kapena ya makoko a nthochi, iyenera kumvetsera isanaponye musi wake.